Pemphero la ku Kasungu: Kupempherera Ali Kunja ndi Ife Owerenga Masiku Awo

Inu Chauta, Namalenga, Mwini dzuwa ndi mwezi, amene mumatsegula mvula ndi kuitseka nyengo yake ikakwana, tabwera pamaso panu ife ana anu a m'chidikha cha fodya cha Kasungu. Tachokera ku Santhe ndi ku Chamama, ku Wimbe, kwa Chulu, kwa Kaluluma, ku Mtunthama ndi ku Nkhamenya. Ena ndife eni minda. Ena ndife matenanti a m'maesiteti amene michombo yathu idagwera ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena ndife amayi olera tokha ana chifukwa bambo ali ku Joni, ndipo ena ndife agogo amene tidatsikapo mumgodi nthawi ya Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa. Ndi makomo owerengeka kuno amene alibe wawo kunja kwa dziko lino. Tcherani khutu, Ambuye, pakuti nkhani imene tadza nayo ndi ya nthawi, ndipo nthawi ili m'manja mwanu.

Ife alimi a fodya mudatiphunzitsa kuiopa nthawi. Nazale ikachedwa, mbande sizikumana ndi mvula yowokerera. Fodya wouma m'chigafa timamutsitsa mbandakucha, tsamba lidakali lofewa ndi chinyontho cha usiku, chifukwa dzuwa likangokwera tsamba lomwelo limaphwanyika m'manja, thukuta la chaka chonse n'kuthera pansi. Munthu wa paulendo ali ngati tsamba limenelo: ola ili lamusunga, ola linalo likanamuphwanya. N'chifukwa chake mwana akaimba foni kuchokera kutali n'kunena kuti, “Amayi, pakanapanda Mulungu si bwenzi tikulankhulana,” ife sitimutsutsa. Timagwada.

Landirani tsono kuyamika kwathu chifukwa cha maumboni amene timamva m'matchalitchi, pa siwa ndi pa mikeka ya m'makonde mwathu.

Tikukuyamikani chifukwa cha mnyamata amene anatsika basi usiku pa Park Station mu Johannesburg, atadutsa pa Dedza, pa Tete, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, miyendo itatupa ndi kukhala, m'thumba la malaya muli kapepala kopindapinda kolembapo nambala ya amalume ake. Anaimba, foni yozima. Anaimbanso, yozimabe. Anakhala pa chikwama chake n'kukulunga lamba wake kudzanja kuopa akuba, zilankhulo zonse zomuzungulira zili zachilendo, njala ndi mantha zitamuuma pakhosi. Mphindi yomweyo anadutsa munthu akulankhula pafoni Chichewa cha kwathu kuno. Mnyamatayo anaimirira, nati, “Pepani achimwene, ndinu a kumudzi?” Atafunsana makwawo, anapeza kuti makolo awo onse ankapemphera ku Chilanga. Munthuyo sinali njira yake. Tsiku limenelo anangotsikira pena chifukwa galimoto imene anakwera inafera panjira. Mnyamatayo amati ndinu munamutuma. Ifenso tikuti ndinu.

Tikukuyamikani chifukwa cha mayi amene tulo tinamuthawa pakati pa usiku, mtima uli phaphapha popanda chifukwa, nadzuka kupempherera mwana wake, ndipo patapita masiku anamva kuti usiku womwewo mwanayo anali m'madzi a Limpopo. Tikukuyamikani chifukwa cha bambo amene anakhala zaka ku Durban osaponda kwawo, tsiku lina nangomva mtima ukumukoka, nakwera basi popanda uthenga uliwonse womuitana, nafika n'kupeza mayi ake atatsala ndi usiku umodzi wokha, napatsana moni, nakhululukirana. Ophunzira angatiuze kuti zinangokumanizana. Sitikangana nawo. Ife tikudziwa kuti ngakhale zongokumanizanazo sizichitikira kuseri kwa maso anu.

Mawu anu ndiwo adatizoloweza kuyang'ana chomwechi. Mtumiki wa Abrahamu adafika pachitsime m'dziko lachilendo, ndipo asanatsirize kupemphera Rebeka adatulukira ndi mtsuko. Rute, mlendo wamasiye, adalowa m'Betelehemu pamene anthu ankayamba kukolola, ndipo munda umene adakakunkhamo udapezeka kuti ndi wa Boazi. Yosefe ali m'dzenje, abale ake atakhala pansi kudya, amalonda opita ku Ejipito adadutsa nthawi yomweyo, ndipo ulendo umene udayamba ndi kugulitsidwa udathera pa kudyetsa mitundu ya anthu m'zaka za njala.

Ngakhale dera lathu lino lili ndi mbiri yotere. Kamuzu Banda adachoka kuno ali mnyamata, wapansi, cha m'ma 1915, nakagwira ntchito pachipatala cha Hartley ku Southern Rhodesia, kenaka kumigodi ya ku South Africa. Amalume ake, Hanock Msokera Phiri, anali naye m'maulendowo. Kumeneko adalowa mpingo wa AME, ndipo bishopu wa mpingowo, William Vernon, ndiye adamutsegulira njira ya sukulu ku America mu 1925. Anyamata angati anzeru ngati iye adatsikira m'migodi yomweyo osakumana ndi wowatsegulira khomo? Adabwerera pa 6 Julayi 1958, natsikira pa Chileka, patapita zaka zoposa 40 ali kunja. Pa zabwino zimene zidatuluka m'ulendo umenewo tikukuyamikani. Koma mukudziwanso misozi ya amene adatsekeredwa popanda mlandu mu ulamuliro wake, ndi ya amene adathawira kunja osabwereranso. Tiphunzitseni kuti mukamutsegulira munthu khomo pa ola loyenera, sikuti mwasainira zonse zimene adzachite akalowa.

Tsopano, Atate, tisabise kanthu pamaso panu. Maumboni amene timawombera m'manja ndi a amene adafika. Alipo ena amene sadzaimirira kutsogolo kwa mpingo kuti anene zawo.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idanyamuka pa bwalo la Francistown ku Botswana kulunjika kuno kwathu. Idanyamula amuna amene anali atamaliza makontirakiti awo kumigodi ya golide, amuna amene adapulumuka kugwa kwa miyala pansi pa nthaka, fumbi lodya mapapo ndi kutentha kwa mumgodi, tsopano akubwerera kwa akazi awo ndi ana amene ena mwa iwo adabadwa bambo ali kutali. Itangonyamuka idagwa n'kuyaka moto. Mwa anthu 84 amene anali m'ndegemo adafa 78, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi. Amene adakwera ndege ya m'mbuyo mwake adafika, nalandiridwa ndi nthungululu. Amene anali kudikira yotsatira adapulumuka. Onsewa anali ndi chifukwa chokuthokozerani, ndipo ifenso tikuthokoza nawo. Koma nanga aja adakhala pa mipando ya tsiku limenelo? Kodi akazi awo sankapemphera? Kodi mayi awo sankadzuka usiku?

Ambuye, tiletseni kunena, ngakhale mumtima, kuti wopulumuka mumamukonda kuposa wakufa. Mwana wanu adafunsa yekha za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, ndipo adakana kuti iwo anali ochimwa kuposa anzawo. Mayi amene mwana wake anasiyidwa ndi basi imene inakagwa, akaimirira kuchitira umboni, muzimukumbutsa kuti pa benchi lakumbuyo pangakhale mayi wina amene mwana wake anafika msanga pa depoti, napeza mpando wa pawindo. Mupatseni wothokozayo mawu osalasa mnzake. Ndipo wolirayo musamusiye aganize kuti pemphero lake lidatayika panjira. Akulu adati tsoka silinunkha. Amene adafa sadalephere kumva chizindikiro chilichonse, ndipo amene adatsala sadachenjere kuposa iwo. Tikukumbukira pamaso panu mwana amene anathamanga usana ndi usiku kuchokera ku Cape Town atamva kuti bambo adwala, nafika n'kupeza nkhata zili kale pamtumbira, dothi lidakali lonyowa. Iyenso ndi wanu. Ola lake silinakumane, ndipo sitikudziwa chifukwa chake. Mugwireni dzanja.

Palinso china chimene tikupempha kuti mutichotsere. Ofufuza adapeza kuti mafuta a ndege ya ku Francistown anali atasakanizika ndi mafuta a mtundu wina. Adalakwitsa ndi anthu. Ife tili ndi chizolowezi chothamangira kunena kuti “inali nthawi yake,” n'kutseka nkhani. Mawu amenewa amatonthoza pa maliro, koma abisanso dalaivala amene wayendetsa usiku wonse osagona, mwini basi amene wasiya matayala akutha, ndi wolandira chiphuphu amene walola galimoto yodzaza kupyola muyeso kuti idutse. Musatilole kupachika pa dzina lanu loyera ulesi ndi umbombo wa anthu. Chimene mwachita Inu tichitchule kuti ndi chanu, ndipo chimene wachita munthu tichitchule kuti ndi cha munthu, kuti chikonzedwe.

Ngozi ija itachitika, boma lidaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko nthawi imeneyo, ndipo ambiri adabwerera. Adapeza maesiteti a fodya akukula kuno ku Kasungu ndi m'maboma oyandikana nafe, fodya wa Malawi akufunidwa kwambiri chifukwa Rhodesia anali ataikidwa ziletso za malonda kuchokera pamene adadzilengeza yekha ufulu mu 1965. Manja ochokera kumgodi adakumana ndi minda yofuna manja. Ena amati chinali chifundo kwa amasiye, ena amati eni maesiteti ankasowa antchito otsika mtengo. Mitima ya olamulira mumaidziwa ndinu. Ife tingopempha nzeru yozindikira kuti zina zimene zimaoneka ngati zangokumanizana zimakonzedwa ndi anthu amphamvu, m'maofesi amene mlimi salowamo. Mu Novembala 2023 achinyamata athu oposa 200 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Kwa mabanja ambiri linali yankho la pemphero. Koma malowo anatseguka chifukwa nkhondo inali itabuka mwezi wa Okutobala, antchito akale atathawa kapena kuletsedwa kulowa. Mwayi wa mwana wathu unamera pa maliro a ana a eni. Tikamathokoza, tisaiwale kulira nawo onse a mbali zonse za nkhondoyo, ndipo ana athuwo muwasunge.

Kumbukiraninso, Ambuye, kuti mitima yathu ndi yofulumira kuwerenga zimene ikufuna. Yona pothawa ntchito imene mudamutuma adatsikira ku Yopa, napeza chombo chili chire, chokonzeka kunyamuka, ndalama yolipira ali nayo. Zonse zidayenda bwino, koma anali kuthawa Inu. Momwemonso mnyamata amene wangolandira ndalama za fodya ku Chinkhoma, ngongole ya feteleza isanabwezedwe, mkazi ali ndi pakati, tsiku lomwelo n'kukumana ndi munthu womulonjeza kuti amuwolotsa malire popanda pasipoti, asafulumire kunena kuti Mulungu watsegula njira. Mtsikana amene sukulu yamukanika chifukwa cha fizi, sabata yomweyo n'kulandira uthenga pa WhatsApp wa ntchito ya m'nyumba ku Oman, mumupatse munthu wamkulu womufunsa mafunso ovuta asanapereke chiphaso chake m'manja mwa mlendo. Alipo alongo athu amene anapita chomwecho nakapezeka ali akapolo m'nyumba zotseka. Msampha nawonso umadziwa kufika pa nthawi yake. Tipatseni kusiyanitsa.

Tetezani anthu anu kwa ogulitsa masiku: amene amalandira ndalama kuti auze munthu tsiku loyenera kunyamuka, amene amagulitsa madzi ndi mafuta oti apolisi a pamalire asamuone, amene ulendo ukayenda bwino amati ndi mphamvu zawo, ukavuta amati chikhulupiriro chinachepa kapena azakhali anaulodza. Nkhalamba zambiri zanyozedwa ndi kumenyedwa m'midzi chifukwa mdzukulu wabwezedwa kuchokera ku Lindela, malo a ku South Africa osungirako alendo odikira kubwezedwa kwawo. Tikhululukireni tchimo limeneli, ndipo mutseke pakamwa pa onamizira.

Tikuika m'manja mwanu onse amene nthawi inawatembenukira ali kunja. Mu Meyi 2008 alendo anasakidwa m'makomboni a ku South Africa, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa. Mu 2015 zinabukanso ku Durban, abale athu nagona m'matenti kudikira mabasi owabweza kumudzi, ena atangofika kumene, ena atasiya katundu wa zaka zambiri. Kumapeto kwa Malichi 2020 malire anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Amene anawoloka masiku ochepa m'mbuyo mwake anakhala kwawo ndi ana awo, amene anachedwa anatsekeredwa m'tizipinda ta lendi, ntchito itatha, chakudya chikutha. Pa onsewa panali ena amene ananena kuti “Mulungu anandichotsako nthawi yabwino,” ndi ena amene anafunsa kuti “Mulungu munali kuti?” Mapemphero awiri onsewo ndi athu, ndipo tawabweretsa limodzi, chifukwa anthu ake timadya nawo mbale imodzi.

Ndipo tsopano tikupempha chinthu chovuta kuposa zonse. Timakonda kukhala mnyamata wa pa Park Station, wolandira chifundo. Tisandutseni munthu uja anadutsa n'kuima. Mudatuma Filipo ku msewu wa m'chipululu wotsikira ku Gaza, ndipo adafika pamene galeta la mdindo wa ku Itiyopiya linkadutsa. Adathamanga, nakwera, nakhala naye. Lero ana a ku Ethiopia akudutsa pa msewu wathu wa M1, usiku, atapanikizana m'malole otseka, akulunjika ku Joni komweko kumene ana athu akupita. Mu Okutobala 2022 mitembo ya anthu pafupifupi 30, amene akukhulupiriridwa kuti anali a ku Ethiopia, inapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, boma loyandikana nafe. Amayi awo nawonso ankadzuka usiku. Anafa m'dziko lathu, la anthu opemphera, popanda Filipo wowathamangira. Tichitireni chifundo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zimene timapempha kuti anthu a ku Musina ndi ku Harare achitire ana athu, tiyambe ndife kuchitira mlendo wosokera pa Chatoloma, wothawa nkhondo wa ku Dzaleka, ndi tenanti amene wafika pa esiteti ndi mkazi, ana ndi kamtolo ka ziwiya, osadziwa aliyense. Makolo athu adasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni pa nthawi ya nkhondo ya kwawo. Mtima umenewo usafe mwa ife. Galimoto ikatifera panjira, kapena tikachedwa pamzere wa kuchipatala, titukule maso tione amene mwatiimitsira pamenepo.

Kumbukirani matchona, amene adapita kalekale ku Harare, ku Bulawayo, ku Kitwe ndi ku Joni, makalata n'kuleka kubwera. Ena manyazi ndiwo adawamanga, poti alibe chobwera nacho. Ngati n'kotheka, akumanizeni ndi munthu wa kwawo pa basi, pa maliro kapena pa mzere wa kuchipatala, amene adzawauze kuti mlongo wawo adakali moyo ndipo amawatchulabe. Ndipo akadzatulukira pa bwalo atakalamba, chimanjamanja, mutipatse mtima wowayalira mkeka tisanawafunse kumene anali.

Kumbukirani otsala. Mayi amene akusoka fodya yekha m'chigafa, zala zitada bii ndi utomoni wa masamba, foni ili m'thumba la chitenje kudikira uthenga wa ndalama umene wachedwa, mwana wabwezedwa kusukulu. Kwa iye kukumanizana kwa nthawi si nkhani yokometsera umboni. Ndi funso loti ndalama ifika feteleza wobereketsa asanafunike kapena ayi. Fulumizitsani dzanja la wotumiza, ndipo mufewetse mtima wa wokongoza. Kumbukirani ana amene nkhope ya bambo awo amaidziwira pa foni. Kumbukirani maukwati amene mtunda ukuwadya pang'onopang'ono, ndipo musunge wopita ndi wotsala yemwe kuti asanyengane.

Usiku uno mabasi ali pamsewu. Ena akuwoloka Zambezi pa Tete, ena ali pamzere pa Beitbridge, ena akubwerera atasenza katundu wa anthu ndi mabokosi a abale athu amene anafera kunja. Khalani maso pamodzi ndi madalaivala. Ikani chilungamo mwa apolisi ndi ogwira ntchito pamalire, kuti asadyere masuku pamutu munthu wosauka. Odwala panjira muwapezere wowapatsa madzi. Amene ali m'zitolokosi kudikira kubwezedwa muwafikitse kwawo ali amoyo. Atsogoleri athu muwapatse nzeru ndi manyazi, kuti mtengo wa fodya, wa soya ndi wa chimanga ukhale woti mnyamata angathe kumangira nyumba kuno osayamba wagona pa depoti ya dziko la eni. Amene adzafike bwino, landirani kuthokoza kwawo. Amene sadzafika, alandireni iwo eni, ndipo mutitume ife kwa amasiye awo ndi ufa, nkhuni ndi nthawi yokhala nawo.

Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.